Kaundula wa pafoni: kodi dzina la mlimi ndi matumba ake ziyendera limodzi?

Masiku ano acinyamata ali kuphunzira kupanga mapulogalamu a pafoni popanda kulemba cilankhulo covuta ca makompyuta. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzabwera ku komiti ya koparetivu yathu ndi kunena kuti angathe kutipangira kaundula wa matumba a cimanga. Tisanavomere, abale ndi alongo, ndi bwino tidziwe pamene zinthu zimasokonekera, cifukwa nkhaniyi ikhudza ndalama za mlimi.

Cimodzi mwa zida zotere ndi App Inventor, cimene kampani ya Google inatulutsa mu 2010, ndipo kucokera mu 2012 cili m'manja mwa sukulu yaikulu ya MIT ku America. Salipiritsa. Wopanga amakoka mabatani ndi mabokosi olembamo n'kuwaika pa tsamba, kenaka amalumikiza timabuloko tamitundumitundu monga mmisiri ayala njerwa.

Vuto lili apa: tsamba lililonse lili ngati nyumba payokha. Tikalemba dzina la mlimi ndi matumba ake 12 pa tsamba loyamba, tsamba laciwiri lowerengera malipiro silidziwa kanthu pokhapokha litauzidwa. Njira zouzira zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kutumiza uthengawo potsegula tsamba laciwiri, monga timapatsira mwana kalata pomutuma. Uthenga wotere amaucha start value, ndipo ungakhale mau amodzi kapena mndandanda wa dzina, mudzi ndi matumba. Yaciwiri ndi yobweza: tsamba laciwiri likamatsekedwa lingathe kupereka yankho ku tsamba loyamba. Yacitatu ndi nkhokwe yocedwa TinyDB, imene imasunga zinthu m'foni ngakhale foniyo itazimitsidwa, ndipo masamba onse angathe kutapamo.

Mu nkhokweyi ciliconse cimasungidwa ndi dzina lake, ndipo dzinalo liyenera kufanana ndendende. Ngati posunga analemba "Matumba" koma potenga walemba "matumba", pulogalamu sipeza kanthu, ndipo m'malo modandaula imangopereka yankho limene wopanga anaikiratu. Ngati anaika 0, mlimi amene anabweretsa matumba 12 a makilogalamu 50 adzaoneka ngati sanabweretse ngakhale limodzi.

Palinso nkhani ya zigawo zogwiritsa nchito mobwerezabwereza. Wopanga angathe kumanga cigawo cimodzi cowerengera malipiro, n'kucikopera ku masamba ena kudzera m'cikwama cocedwa Backpack. Koma cokoperaco sicilumikizana ndi coyamba. Ngati mtengo wa thumba anaulemba m'kati mwa cigawoco, mtengo ukasintha adzakonza pamodzi n'kuiwala pena, ndipo alimi awiri a matumba ofanana adzalandira ndalama zosiyana. Cigawo cabwino cili ngati sikelo: sicisunga mtengo wake, cimalandira matumba ndi mtengo kucokera kunja, n'kubweza yankho. Mtengowo ukhale pamalo amodzi okha.

Tidziwenso kuti TinyDB imakhala m'foni imodzi yokha. Foniyo ikatayika, kapena pulogalamu ikafufutidwa, kaundula wapita. Kuti mlembi ndi msungicuma aziona zofanana pa mafoni awo, pafunika nkhokwe ya pa intaneti monga CloudDB, ndipo pamenepo pafunikanso netiweki ndi mabando.

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tisakopeke ndi mitundu yokongola ya mabatani. Timufunse mnyamatayo mafunso atatu: mtengo uli pamalo angati, pulogalamu imanena ciani ikalephera kupeza dzina, ndipo kaundula adzakhala kuti foni ikatayika. Kenaka titenge maina khumi m'buku lathu lakale, tiwalowetse m'foni pamaso pa komiti, ndi kuyerekeza mayankho. Buku la mlembi lisatayidwe mpaka nyengo yonse yogulitsa itatha ndipo ziwerengero zagwirizana.