Madigiri awiri m'zaka 5: njira ina yophunzirira uinjiniya

Achinyamata a m'boma la Nkhotakota ofuna kudzagwira ntchito ya uinjiniya m'malo ngati fakitale ya shuga ya Dwangwa angathe kuphunzira pasukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre, komwe digiriyi imatenga zaka 5.

M'dziko la America muli njira ina. Wophunzira amakhala zaka 3 pakoleji ya maphunziro osiyanasiyana, komwe amaphunzira masamu, sayansi ndi zachuma, kenaka zaka 2 payunivesite yophunzitsa uinjiniya monga Columbia ku New York. Akamaliza amalandira madigiri awiri.

Komabe akuluakulu olangiza ophunzira akuyenera kudziwa kuti thandizo la fizi lochokera kukoleji yoyamba kawirikawiri silifika kuyunivesite yachiwiri. Choncho ndalama za zaka 2 zomalizazo zimafunika kukonzedwa wophunzira asanachoke m'dziko muno.