CHISANU M'HARARE: TSEKANI MING'ALU, KOMA SAMALANI NDI MBAULA

Mwezi wa May ukamatha, munthu wokhala ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Mabvuku safunika kuuzidwa kuti chisanu chafika. Mapazi ake amamuuza m'mamawa akangoponda simenti. Mzinda wa Harare uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500, ndipo m'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira kufika madigiri 7 kapena kutsikirapo, kotero kuti masiku ena udzu wa m'madambo umacha utayera mbuu. Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno, mzindawu ukadali kutchedwa Salisbury, anakumana nako kuzizira kumeneku. Kwa munthu wa kunyanja kapena wa ku chigwa cha Shire chinali chinthu chachilendo ndithu.

Nyumba zambiri za m'malokeshoni ndi zomwe zija anagonamo makolowo: khoma lopyapyala, pansi simenti, denga la asibesitosi kapena malata, zina zopanda siling'i. Dzuwa likalowa, kufunda konse kumathawira kudenga, ndipo mphepo imalowa pansi pa chitseko ndi pa zenera losweka.

Tsono ntchito yoyamba ndi yosafuna ndalama zambiri. Galasi losweka muikepo lina, ndipo ngati m'thumba mulibe, katoni kapena pulasitiki yokhuthala igwira ntchito kufikira pa malipiro. Pansi pa chitseko pindani thumba kapena bulangete lakale. Pa simenti yalani mkeka kapena makatoni, makamaka pogona ana, pakuti simenti imayamwa kufunda kwa thupi usiku wonse. Masana tsegulani makatani kuti dzuwa lilowe, madzulo muwatseke msanga. Popeza mvula kulibe, ino ndiyo nyengo yokonzanso denga, koma la asibesitosi likakalamba limaphwanyika munthu akaliponda, ndipo fumbi lake, polidula kapena kulipala, limawononga mapapo. Wochita lendi akambirane ndi mwini nyumba za denga nyengo ino, asadikire mvula ya November.

Nkhani yaikulu ndi ya moto. Damu la Kariba, limene linamangidwa m'masiku a Chitaganya, ndilo gwero lina lalikulu la magetsi a dziko lino. Madzi atachepa mu 2019, magetsi ankazima ngakhale maola 18 pa tsiku, ndipo vutoli linabweranso mu 2022 ndi 2024. Magetsi akazima anthu amabwerera ku chitini chobowolabowola chija chodzaza makala, chimene ife timati mbaula, anzathu Achishona mbaura.

Abale, mbaula yaphetsa mabanja athunthu. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene madokotala amautcha carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndipo sutsokomoletsa ngati utsi. Ukalowa m'mapapo umagwira magazi mwamphamvu koposa mpweya wabwino kuwirikiza 200, motero magazi amalephera kudyetsa ubongo ndi mtima. Ambiri amanyengedwa poona kuti utsi watha ndipo makala angotsala ofiira, nati tsopano palibe choopsa. Kumeneko ndiko kulakwa, chifukwa makala ofiirawo amatulutsabe mpweyawo ngakhale phulusa litawakwirira.

Apa ndipo pali msampha. Munthu wakhama amene watseka mng'alu uliwonse, natsekanso ndi nsanza timabowo tija amisiri anasiya pamwamba pa khoma, ndiye ali pangozi yoposa ya mnzake waulesi wa zenera losweka. Timabowo timeneto sanatisiyire kukongoletsa nyumba. Tisiyeni totsegula. Mbaula muiyatsire panja, muothere pakhonde kapena zenera lili lotsegula, ndipo nthawi yogona isanakwane muitulutse ndi kuizima. Chimodzimodzinso chitofu cha parafini ndi cha gasi, zisamagone zikuyaka. Jenereta malo ake ndi panja, kutali ndi zenera.

Zizindikiro zake zimafanana ndi chimfine kapena kutopa kwa ntchito: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, miyendo kulefuka ndi tulo tosaletseka. Anthu awiri kapena atatu a m'chipinda chimodzi akadandaula za mutu nthawi imodzi, musafunefune mapiritsi. Tsegulani chitseko, tulutsani aliyense panja, ndipo thamangirani ku kiliniki kapena ku chipatala chachikulu, kaya Parirenyatwa kaya chija timangoti ku Gomo. Ngakhale munthu atsitsimuke ali panja, apitebe akamuone dokotala. Ana aang'ono, okalamba ndi amayi oyembekezera ndiwo amayamba kugonja.

Kumene anthu adzazana, monga m'mafulati a Matapi ku Mbare, amene anamangidwira amuna osakwatira koma lero mumagona mabanja, chipinda chimodzi chimagawidwa ndi makatani ndi makatoni. Pamenepo mbaula kapena kandulo ya banja limodzi ndi ya onse ogona m'menemo, ndipo nkoyenera kuti mugwirizane madzulo amene aziitulutsa.

Wofuna kufunda usiku awiritse madzi, awathire m'botolo lolimba, alitseke bwino ndi kulikulunga m'nsalu, kenaka aliike kumapazi. Mwana mumuveke chipewa ndi masokosi. Mabulangete awiri opyapyala amafunda kuposa limodzi lokhuthala, ndipo limodzi la iwo likhale loyala pansi.