Tengani: ufumu wolondera nkhalango ya Mbona

Woyenda pa msewu wa M1 kuchoka ku Bangula kulowera ku boma la Nsanje amafika pa Tengani thukuta lili kamukamu. Kum'mawa kuli mtsinje wa Shire, tsidya lake ndi Mozambique. Pamsika Chisena ndi Chimang'anja zimangolowana, amayi atayala nsomba zouma ndi malambe.

Ambiri amalimva dzinali pa wailesi madzi akasefukira, monga mu 2015 kapena nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. N'zomvetsa chisoni, chifukwa Tengani ndi umodzi mwa maufumu akale a Amang'anja, ndipo pa za Mbona dzina lake limatchulidwa pamodzi ndi la mfumu Lundu.

Ku London alendo amakaona Hyde Park, malo amene mfumu Henry VIII idalanda mu 1536 kuti izisakako nyama. Chigwa cha Shire nachonso chili ndi nkhalango yachifumu, koma iyi si yosakamo kapena kupumulamo. Ndi Khulubvi, kummwera kwa Tengani, kufupi ndi boma. Akuluakulu amati Mbona, wodziwa kuitana mvula, adathawira kuno adani ali pambuyo, ndipo atamupha, mutu wake udaikidwa m'nkhalangoyi. Mlendo salowamo mwachisawawa. Amayamba wapempha kwa osunga malowo, nsapato amavula, ndipo nsalu yoyenera kumeneko ndi yakuda. Nkhwangwa siloledwa. N'chifukwa chake mitengo ikuluikulu idakali chiimire pamene kwina konse nkhuni ndi makala zidapulula. M'katimo muli kachisi waudzu, ndipo mkazi wopatulidwa kukhala wa Mbona amatchedwa Salima.

Ubale wa Tengani ndi kachisiyu sudali wosalala nthawi zonse. M'nthawi ya atsamunda, mfumu Molin Tengani idalimbikira malamulo a boma a malimidwe, anthu ambiri nkukana mizere ponena kuti Mbona sakuifuna. Wansembe Matthew Schoffeleers adalemba mbiri ya chipembedzo cha Mbona m'buku la River of Blood la mu 1992.

Mu 2011 Malawi idalembetsa Khulubvi ku UNESCO pa mndandanda wa malo oyembekezera kuzindikiridwa padziko lonse. Aphunzitsi a kwa Tengani, musadikire alendo akunja: pemphani chilolezo kwa mafumu, ana asukulu akaione nkhalangoyi ndi maso awo.