CULE WA PA PHIRI LA MULANJE

Mafumu, Anyakwawa ndi alimi nonse okhala m'tsinde mwa phiri, mverani mau awa.

Acule a m'dambo muwadziwa, ndi finye yemwe, amene atuluka ndi mvula yoyamba. Koma pamwamba pa phiri la Mulanje pali cule wina amene ambiri a inu simunamuone. Iye ndi wamng'ono, kutalika kwace ngati inci imodzi, ndipo khungu lace liri ndi tinjerewere.

1. Dzina lace ndi mfunda wace

Monga munthu ali ndi dzina ndi mfunda, momwemonso anzeru a zamoyo apatsa nyama iri yonse maina awiri. Cule uyu ndiye Nothophryne broadleyi. Dzina loyamba ndilo mfunda wace. Laciwiri likumbutsa Donald Broadley, amene anadziwa kwambiri njoka ndi acule. Anayamba kumlemba m'buku ndi J. C. Poynton m'caka ca 1963. Banja lace lalikuru ndi Pyxicephalidae, ndipo cule wamkuru uja wa m'zigwa zotentha, amene anthu ena amadya, ali wa banja lomwelo.

2. Kumene akhala

Kale anthu anayesa kuti cule yemweyu apezekanso pa phiri la Ribáuè ku Mozambique. Koma m'caka ca 2018 anzeru, atapenyetsetsa, anapeza kuti a ku Mozambique ndi abale ace cabe, nalemba mitundu inai yatsopano: wa pa Namuli, wa pa Inago, wa pa Ribáuè ndi wa ku Taratibu. Phiri liri lonse liri ndi wace, pakuti kanyama kozolowera miyala yonyowa sikatha kudutsa cigwa couma. Cotero wa Mulanje ali pa Mulanje pokha. Akatha pano, watha pa dziko lonse lapansi.

3. Makhalidwe ace

Cule uyu saswana m'thamanda ai. Aikira mazira m'ndere zonyowa, ndipo mbululu zace zikwawa pa thanthwe pamene madzi ayenderera pang'ono pang'ono. Thanthwe likauma, mbululu zifa.

4. Cifukwa cace muyenera kusamala

Madzi oyenderera pa matanthwewo ndi omwe atsikira ku Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Ruo, kumene inu mutunga ndi kuthirira madimba anu. Moto ukapsereza udzu ndi ndere, ndi nkhwangwa ikatha mitengo, mvula ithamanga pa mwala tsiku limodzi, ndipo m'mwezi wa October mtsinje uphwa. Comwe cipha cule ndico cidzaumitsa dimba lanu. Phirili linaikidwa kukhala nkhalango yosungidwa m'caka ca 1927 cifukwa ca mitengo ndi madzi ace.

Tsono citani izi:

Musatenthe chire la m'phiri posaka mbewa kapena pofula njuci.

Musadule mikungudza ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje.

Musalime pafupi ndi kasupe.

Inu Anyakwawa, fotokozani mau awa pa bwalo, kuti ana anu adzamwe pamene inu mukumwa lero.