Ndani amalondera Wikipedia?

Ana inu, mudamvapo za Wikipedia? Ndi buku lalikulu la pa intaneti lomwe Jimmy Wales ndi Larry Sanger adaliyambitsa mu 2001. Likupezeka m'zinenero zoposa 300, ndipo Chichewa chathuchi chili momwemo. Chodabwitsa n'chakuti pafupifupi aliyense akhoza kulembamo kapena kukonza zomwe ena adalemba. Nanga wina akalembamo zachibwana, zoti njovu imaikira mazira, zimatha bwanji?

Zoterezi zimachitika ndithu. Mu 2005 munthu wina adalemba bodza lamkunkhuniza lokhudza mtolankhani wa ku America, John Seigenthaler, ndipo bodzalo lidagonera pomwepo miyezi inayi. Zitaululika, Wikipedia ya Chingerezi idakhwimitsa lamulo kuti amene sadalembetse dzina asamayambe nkhani yatsopano.

Alonda ena ndi mapulogalamu a kompyuta. Yotchuka ndi ClueBot NG, yomwe kuyambira 2010 imachotsa mawu achipongwe msangamsanga. Koma anthu awiri akamakokana kuti nkhani ilembedwe chotani, aliyense ali ndi umboni wake, makina alibe nzeru zoweruzira. Apa mpomwe pamafunika ma admin. Awa ndi anthu ongodzipereka, salandira malipiro. Pa Wikipedia ya Chingerezi, wofuna udindowu kawirikawiri amapanikizidwa ndi mafunso kwa masiku 7, uku anzake akunena ngati akumukhulupirira kapena ayi. Akasankhidwa amatha kufufuta nkhani, kuikhoma ndi loko kuti isasinthidwe mwachisawawa, kapena kuimitsa munthu wovuta kuti asalembenso.

Mphamvu zonsezi, bwanji admin akayamba kukondera? Kumbukirani monitala wa m'kalasi amene amalemba mayina a olongolola pakapepala kobisa. Mnzake wapamtima samulemba, chonsecho ndiye wasokosa kuposa onse! Ku Wikipedia kapepalako kali poyera. Nkhani iliyonse ili ndi mbiri yake yoonetsa amene adasintha mawu, zomwe adasintha, tsiku ndi nthawi yake. Zolakwika zikhoza kubwezedwa mmene zidalili kale. Kuserinso kwa nkhani iliyonse kuli malo okambirana, ndipo mikangano ya zaka zapitazo mukhoza kuiwerenga lero. Admin akaimitsa munthu, dzina la adminyo limalembedwa pamodzi ndi chifukwa chake komanso kutalika kwa chilangocho. Wolangidwayo ali ndi ufulu wochita apilo, ndipo admin wina ndiye amaunikanso mlanduwo. Amene wagwiritsa ntchito mphamvu molakwa amatha kulandidwa udindo.

Lamulo lina limandisangalatsa. Pa Wikipedia ya Chingerezi, simuloledwa kubweza zomwe ena asintha pa nkhani imodzi koposa katatu m'maola 24. Mukafika pamenepo, siyani makani, pitani mukakambirane. Kunena zoona, zokambiranazo nthawi zina zimatenga miyezi, mpaka ena amatopa n'kuthawa.

Sikuti zonse zimaonetsedwa ayi. Wina akalemba nambala ya foni ya mnzake, kapena mwana akaulula komwe amakhala, pali kagulu kochepa ka anthu odalirika kamene kamabisa mawuwo, moti ngakhale ma admin wamba sangawaonenso.