Sikirini ya m'galimoto ikafa, tikauze chiyani mwini sitolo?

Pa tchuthi chapitachi, ife achinyamata a mpingo wathu kuchigwa cha Phalombe tinabwereka galimoto ya mkulu wina wa mpingo kuti titutire katundu wa ku msonkhano wa misasa. Polowetsa mapolo a tenti, limodzi linagunda pakona ya sikirini ya wailesi. Zithunzi zinkaonekabe bwinobwino, koma ukakhudza ndi chala sinkayankha. Mng'alu wake unali waung'ono zedi, wobisika pansi pa pulasitiki ya m'mphepete. Wailesiyo inagulidwa ku Limbe, ndipo pa lisiti panali patatsala miyezi iwiri ya warranty. Mmodzi wa ife anati, "Bambo angokanena kuti yangosiya yokha, apatsidwa ina." Tinakhala chete kanthawi, chifukwa ganizoli linali m'mitu mwa ambiri a ife.

Tiyambe ndi mmene chipangizochi chinapangidwira. Sikirini yokhudza ili ndi zigawo ziwiri zophatikizana. Pansi pali gawo loonetsa zithunzi, lotchedwa LCD. Pamwamba pali galasi lopyapyala lomva chala, lomwe amakaniko amalitchula kuti digitizer, ndipo limalumikizidwa ku ubongo wa wailesi ndi kawaya kafulati ngati liboni. Mawailesi akale amamva ukadina, chifukwa muli timapepala tiwiri timene timagundana. Atsopano amamva mphamvu yochepa ya magetsi ya m'thupi mwathu, monga mafoni. N'chifukwa chake chala chonyowa chimawasokoneza.

Kudziwa zimenezi kumapulumutsa ndalama. Ngati zithunzi zikuoneka koma chala sichikumveka, kawirikawiri vuto ndi galasi lapamwamba kapena kawaya kaja, ndipo galasilo limasinthidwa palokha. Mukaona madontho akuda ngati inki kapena mizere, ndiye kuti LCD yasweka, ndipo mtengo umakwera. Matuza pansi pa galasi amasonyeza kuti guluu wamatuka, nthawi zambiri chifukwa cha kutentha. Aliyense amene anasiyapo galimoto padzuwa pa Migowi mu Okutobala akudziwa mmene mkati mumawotchera. Fumbi la misewu yathu nalo limalowa m'mphepete, sikirini n'kumadzidina yokha ngati muli munthu wosaoneka. Musanathamangire kwa makaniko, pukutani ndi kansalu kofewa, muzimitse ndi kuyatsanso.

Pano pali chenjezo kwa eni galimoto zochokera ku Japan, zomwe ndi zambiri pa misewu yathu. Wailesi zina zobwera nazo zimaiwala zonse mukachotsa batire, n'kuyamba kufuna kadi ya mapu kapena nambala yotsegulira imene wogula sanapatsidwe. Mapu akenso ndi a ku Japan, zilembo ndi za Chijapani, ndipo FM yake imayambira pa 76 n'kulekeza pa 90 kapena 95, pomwe mawailesi athu amafika mpaka 108. Ichi n'chifukwa chake ambiri amazichotsa n'kuikamo za Android, ngati imene tinaiswa ija.

Nanga warranty n'chiyani? Ndi lonjezo la wogulitsa lakuti katundu akaonetsa vuto lochokera kufakitale mkati mwa nthawi yoikika, adzakonza kapena kusintha kwaulere. Si inshulansi. Silipira kugunda, kugwetsa, madzi kapena mawaya olumikizidwa molakwika. Anthu amene mafoni awo analowa madzi pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, yemwe anakantha kwambiri Phalombe ndi Mulanje, sakanathandizidwa ndi warranty ngakhale foni ikanakhala ya sabata imodzi. Mafoni ambiri ali ndi kachizindikiro koyera mkati kamene kamafiira kakakhudza madzi. Galasi nalo silinama: mng'alu umayambira pamalo pomwe pagundidwa. Dziwaninso kuti masitolo ambiri salandira katundu amene wina watsegula kale, choncho ngati vuto ndi lakufakitale, musam'patse mnyamata wa pamsika kuti ayeseko kaye.

Koma tisabisale kumbuyo kwa mantha oti atigwira. Mwina sakanatigwira. Funso ndi lakuti bodzalo amalipira ndani. Timakonda kuganiza kuti ndi kampani yaikulu ya ku China imene sidzamva kanthu. Zoona zake n'zakuti ogulitsa ang'onoang'ono ambiri sabweza katundu kunja, amangoluza okha. Anagula ndi madola ovuta kupeza, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwina amene angadulidwe malipiro ndi mnyamata amene anaika wailesiyo, poganiziridwa kuti analumikiza molakwika. Wogulitsa akapusitsidwa kangapo amafupikitsa warranty kwa aliyense, ndipo mayi wobwera mawa ndi dandaulo loona amakayikiridwa. Pa Eksodo 20, lamulo loletsa kuba ndi loletsa umboni wonama ali moyandikana, ndipo m'nkhani yathuyi tikanawaswa onse awiri ndi chiganizo chimodzi. Chomwe chinatiluma kwambiri n'chakuti wokanena bodzalo akanakhala mkulu wa mpingo, m'malo mwa ife.

Sitikunena kuti wogula azingogonja. Miyambo 11:1 imadzudzula sikelo yachinyengo, ndipo wogulitsa amene amakana vuto lenileni la kufakitale ali ndi sikelo yotere. Malawi ali ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ndi kuletsa zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Sungani lisiti, funsani kuti nthawi ya warranty ilembedwe, ndipo ngati mwalakwiridwa, dandaulani mopanda manyazi. Kufuna zimene ndi zanu si kusowa chikhristu.

Ife tinawauza bambowo mmene zinachitikira, iwo n'kukanena chimodzimodzi kusitolo. Mwini sitolo sanapereke wailesi ina, ndipo sitingamunene. Anatiitanitsira galasi lapamwamba lokha, lomwe linafika patatha milungu itatu. Tinasonkha anthu asanu ndi anayi, ndipo ena a ife tinabwerera kusukulu ndi ndalama ya sopo yopereweredwa.