Nyimbo yabwino isamalipire msonkho pawailesi

Lachisanu lililonse usiku ndimakhala pa maikolofoni pa wailesi ina mumzinda muno kuulutsa pologalamu ya nyimbo zatsopano. Ntchitoyi ndidaiyamba nditasiyira panjira sukulu ku Chanco, fizi itavuta. Malipiro ake ngosauzana, koma muli kukoma kwina: kumva nyimbo ya mwana wosadziwika, mtima nkugunda kuti iyi ndiye nyimbo, dziko lonse lisanaimve.

Tsono mwezi watha kudabwera mnyamata wina wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Adandipatsa fulashi, pansi pake pali kaenvulopu. "Achimwene, kangachepe aka mugule Fanta," adatero akuyang'ana pansi. Nditamufunsa, adaulula kuti anzake adamuuza kuti popanda kameneka nyimbo siimveka pawailesi. Ndalamazo adatapa pa mpamba woodera belo.

Ndisaname abale, maenvulopu otere ndidalandirapo m'mbuyomu, ndipo ndidaikapo nyimbo zoti ngakhale ine ndemwe ndinkatsitsa voliyumu mu situdiyo. Koma tsiku limenelo manyazi adandigwira. Ndidamubwezera ndalama zake, nyimbo nkuimvera. Inali ya Afro-pop yosakaniza ndi kang'oma ka manganje, mawu ake a m'Chichewa chogwira mtima. Nditaiika usikuwo, mafoni adachita kulimbirana.

Akuluakulu amatikumbutsa kuti nthawi ya Kamuzu wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo nyimbo ikakanidwa kumeneko ndiye kuti yafera m'mazira. Zinthu zidayamba kusintha pomwe kudabwera Radio 2 mu 1997, Power 101 mu 1998 ndi Capital FM mu 1999. Nthawi imeneyo nyimbo za ku Balaka, za a Paul Banda, malemu Lucius Banda ndi Alleluya Band, zidali mbwee m'maminibasi, makaseti akugulidwa ngati zitumbuwa kwa O.G. Issa. Ku Chileka nako kudatulukira Evison Matafale ndi chimbale chake cha Kuimba 1, ndipo ngakhale adatisiya mu 2001, Black Missionaries idapitiriza ulendo. Kodi anthu amenewa akadati azilipira muulutsi aliyense, bwenzi tikuwadziwa?

Anzanga ena amati nafenso tili ndi mimba, lendi ikutidikira. Nzoona, ndipo eni mawailesi ayenera kumva zimenezi. Koma njala yathu tisakaiphere pa mwana amene wagulitsa foni kuti alipire situdiyo. Lamulo likuti wailesi ndiyo iyenera kulipira woimba, kudzera ku bungwe la Cosoma lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992. Ife tachita kutembenuza, mbuzi ikulipira msipu wa mwini wake yemwe.

Chinanso, tisamadzinamize kuti makiyi akadali m'thumba mwathu. Taonani za agogo Giddes Chalamanda. Linny Hoo, yomwe adaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, idafika maiko akutali kudzera pa TikTok, popanda muulutsi woitsegulira chitseko. Lero nyimbo imayenda pa WhatsApp ndi pa mamemole khadi a anyamata oberna nyimbo m'misika. Tikapitiriza kugulitsa mpata, omvera atithawa, titsala tikudziyankhulira tokha mu situdiyo.

Inu amalonda ndi ana asukulu, mphamvu muli nazo. Mukamva nyimbo ya mnzanu ya bwino, imbani foni kapena tumizani uthenga kuwailesi muipemphe. Mukamva nyimbo yosakoma ikubwerezedwa kasanu pa tsiku, funsani kuti bwanji. Ndipo inu oimba achinyamata, ndalama yanuyo kalipireni katswiri wokonza nyimbo kuti imveke bwino, osati kudyetsa ife. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Mnyamata wa kaunjika uja akadali pabenchi lake ku Limbe, sadatchukebe. Koma belo lake adaoda, ndipo Lachisanu likudzali ndiika nyimbo yake yachiwiri. Ulere.